Makhoti atatu a Fatsani

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ife kuno tilipo. Dzuwa la ku Dubai layamba kutichitira chifundo, moti m'mawa ndikutha kuyenda kuchoka pakhomo kukafika pokwerera basi yunifolomu isananyowe. Tidakali m'nyumba yomwe ija ya ku Muraqqabat, pamwamba pa sitolo ya nsalu, imene munaiona pachithunzi n'kufunsa kuti nanga nkhuku zimagona pati. Mdzukulu wanu Tadala wayamba sukulu. Chichewa amachimva chonse, koma poyankha amasakaniza ndi za anzake. Ndikachedwa kuvala nsapato amandikoka dzanja n'kumati, "Yalla amama, yalla!" Ndiye kuti fulumirani. Mukanakhalapo mukanamufunsa kuti amayi ake akuwathamangitsa ngati mbuzi za yani.

Za kumudzi ndimamva kwa amalume a Lingisoni. Akuti mbatatesi ya kudimba kwanu chaka chino inachita bwino, anakagulitsa pa Lizulu masabata atatu otsatizana. Chimanga ndiye chinavuta, chifukwa kuponi ya feteleza inabwera imodzi, n'kugawana ndi a kwa Agnesi wa kumudzi konko uja. Agnesiyo anabereka mapasa, onse aakazi, ndipo wamkuluyo amutcha dzina lanu. Akuti mawu ake ndi aakulu ngati a eni dzina. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yomaliza. Mtengo wa mapichesi uja ulipo, ana akumathyola osapsa, palibe wowakalipira.

Apongozi anu, bambo a Tadala, ntchito inawathera. Nyumba yosanja ija ankamanga ku Marina inaima pakati, zitsulo zili njoo kumwamba, makina onyamulira katundu angoti zii. Anawaitana m'mawa wina n'kuwapatsa kalata, basi. Kuno ntchito ikatha chilolezo chokhalira chimathanso, ndiye panopa akukhala pa viza yanga. Amaseka kuti asanduka mkamwini weniweni, koma ine ndimaona momwe amayang'anira foni yawo. Anzathu ambiri apita. Kubwalo la ndege akuti kuli magalimoto ongosiyidwa, fumbi lake loti munthu n'kulembapo dzina ndi chala, eni ake anakwera ndege osatsanzika. Kukiliniki kwathu ku Al Twar odwala achepa, ndipo nesi aliyense akaitanidwa ku ofesi amaganiza kuti ntchito yatha. Ine ndidakalipo. Musadandaule nazo, tikudya.

Koma Amayi, sindinakhale pansi kuti ndikuuzeni za mbatatesi ndi mapichesi. Pali nkhani ya Fatsani, mwana wanu wotsiriza. Ndaisunga zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Mbali ina ndinkachita manyazi, mbali ina sindinkadziwa poyambira. Ngakhale lero sindikuimvetsa yonse. Ndingoinena momwe inayendera, mwina inu muona pomwe ine sindikuona.

Mukudziwa kuti anapita ku Amereka akadali mnyamata, sukulu itamutenga, ndipo anakhazikika. Ntchito yokonza makina oziziritsa m'nyumba, mkazi wake Denise, mwana wawo Maya, ndi khadi lija lomulola kukhala kumeneko moyo wake wonse. Munkanyadira, munkaonetsa zithunzi zake kwa aliyense wogula pamsika. Chomwe simunadziwe n'chakuti pakati pa zaka zimenezo anagwidwa ndi chamba. Kawiri. Koyamba chinali m'galimoto, kathumba kosadzaza dzanja. Kachiwiri chinali chaka chotsatira, pakhomo pa mnzake. M'ndende sanagonemo. Analipira chindapusa, anamutumiza ku maphunziro a anthu osuta, nkhani n'kuthera pomwepo. Atakwatira anasiyiratu. Izi ngakhale ine sindinkazidziwa. Inu munkakonda kunena kuti mlandu suola, ife n'kumaona ngati ndi mawu oopsezera ana akuba shuga.

Tsiku lomwe munatisiya ndinamuimbira ndili pabwalo la ndege kuno, tikiti ili m'manja. Analira nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali, ine kubwera kundivuta." Ndinamufunsa ngati vuto linali tikiti kapena tchuthi kuntchito. Anati si zimenezo. Anati pali munthu wina wodziwa malamulo amene anamuchenjeza kale kuti asamatuluke m'dzikomo. Sanafotokoze, inenso sindinafunse. Mutu wanga unali pa inu. Ndinamuuza mawu awa, ndipo ndikuwakumbukira onse: "Fatsani, mayi amafa kamodzi. Ukapanda kubwera, usadzanditchulenso kuti chemwali wako." Ndinadula foni.

Anabwera. Tinamudikira masiku awiri, anthu akudandaula kuti maliro achedwa. Anafika molunjika pasiwa, nsapato zake zoyera zitadzaza matope, n'kugwada pafupi ndi bokosi lanu. Ananyamula nawo mpaka kumanda. Anakhala masiku asanu ndi anayi, anakonza wailesi ya amalume, anadya mapichesi mpaka m'mimba kumupweteka. Potsanzikana anandigwira dzanja mwamphamvu, ine n'kumaganiza kuti ndi chisoni cha maliro chabe. Nthawi imeneyo n'kuti Denise ali woyembekezera.

Atatsika ndege kwawoko, wa pakauntala anamufunsa ngati anagwidwapo ndi apolisi. Iye anati ayi. Mantha, Amayi. Koma makina anali ataonetsa kale zonse. Anamulowetsa m'kachipinda, anamulanda khadi lija, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanagonenso m'nyumba mwake. Anamutengera kumalo osungira anthu odikira kubwezedwa kwawo. Eni ake sati ndende, koma kuli mpanda wa waya, kuli yunifolomu, ndipo amawawerenga ngati ziweto m'mawa ndi madzulo. Kuchokera kwa Denise ndi ulendo wa theka la tsiku pagalimoto.

Kusamvetsa kwanga kunayambira apa. Milandu ija inatha kalekale, chilango analandira. Akanangokhala phee m'nyumba mwake, mwina palibe akanamufunsa. Koma chifukwa anatuluka n'kubwerera, lamulo linamuona ngati mlendo amene akuodira koyamba. Ndinafunsa Denise pafoni kuti kodi kwanuko munthu amalangidwa kawiri pa mlandu umodzi? Anati loya wawo akuti kubwezedwa kwanu si chilango. Ndinati nanga n'chiyani? Anati nayenso sakudziwa.

Loyayo ndi mayi wolankhula mothamanga ngati wowerenga mauthenga pawailesi. Anati njira inalipo imodzi yokha. Munthu amene wakhala m'dzikomo zaka zambiri akhoza kupempha woweruza wa milandu ya alendo kuti amuchitire chifundo, amusiye akhale. Woweruzayo amaika zabwino za munthu mbali ina, zoipa mbali ina, ngati pasikelo, n'kuona kolemera. Ndiye anatipempha tonse kulemba makalata: abwana ake a kuntchito, abusa, Denise, ndi ine. Kwa ine anangoti, "Lembani za banja limene anachokera."

Ndinalemba ndi mtima wanga wonse, Amayi, pa nthawi yopuma masana, masiku atatu. Ndinkafuna anthu amenewo adziwe kuti Fatsani si mwana wongotola. Ndinalemba za inu, momwe munatiphunzitsira ndi madengu a mbatatesi pamsewu bambo atamwalira. Ndinalemba kuti kwathu tili ndi nyumba ya malata, dimba losaphwa madzi, ndi munda umene amalume akumusungira. Ndinalemba kuti pamaliro mudzi wonse unamulandira ngati sanachokepo, ndipo kuti tsiku lililonse akafuna, mphasa yake ilipo. Bodza sindinaikemo ngakhale limodzi. Inu munkati bodza siliyenda lokha, limaitana abale ake, ndiye ndinasamala. Ndinawawerengera bambo a Tadala, iwo anati ndi kalata yabwino. Loya anailandira, anaiika pa mulu wa mapepala ena.

Woweruza anakana. Denise ananditumizira mapepala a chigamulo, ndinawasindikiza kukiliniki n'kumawawerenga m'basi pobwerera kunyumba. Mbali ya zoipa anaikako milandu iwiri ija, ndi "ayi" uja wa pabwalo la ndege, amene woweruza anamutchula katatu. Mbali ya zabwino anaikako mkazi, mwana, ntchito, ndi zaka zonse zimene anakhala osapalamula. Kenako chakumapeto ndinaona dzina langa. Woweruza analemba kuti malinga ndi kalata ya mlongo wake, amene ndi nesi ndipo akuoneka kuti ndi munthu wonena zoona, bamboyu akabwerera kwawo sadzavutika kwenikweni, chifukwa ali ndi nyumba, munda, ndi abale omukonda. Anatengamo mawu anga enieni, a mphasa aja, n'kuwalemba momwe ndinawalembera. Ndinapitirira siteji yanga osadziwa. Ndinadzidzimuka basi itafika kumapeto, dalaivala akundiuza kuti nditsike.

Ndinamufunsa loya uja mosabisa: "Kodi ndi kalata yanga yamugwetsa?" Anati sanganene kuti inde, sanganenenso kuti ayi. Anavomera kuti anaiwerenga mothamanga, ndipo kuti akanaiwerenga bwino akanandipempha kulemba ina. Ina yotani? Yonena kuti kwathu kulibe kanthu, kuti abale ake ndi anthu ouma mtima, kuti akabwera adzagona pansi pa mtengo? Mwandiphunzitsa zambiri, Amayi, koma simunandiuzepo kuti pali malo pamene kutamanda kwanu kumasanduka umboni wokutsutsa.

Mkati mwa zimenezi Denise anachira, mwana wamwamuna. Anamutcha Yosefe, dzina la bambo. Ndiye dziwani kuti muli ndi mdzukulu wina. Pachithunzi mphuno ndi yanu ndithu. Fatsani anamuona koyamba ali ndi masabata asanu ndi limodzi, pakati pawo pali galasi. Mwanayo panopa akuyenda, akulankhula, ndipo bambo ake sanamunyamulepo.

Loya anati tisataye mtima, tichita apilo. Khoti lachiwiri linali la anthu amene Fatsani sanawaone nkhope, iwonso sanamuone. Amangowerenga mapepala. Tinadikira miyezi yambiri, yankho n'kubwera la tsamba limodzi: tagwirizana ndi woweruza woyamba. Chifukwa chake sanalembe. Ndinatembenuza pepala kuona ngati kuseri kuli mawu ena. Kunalibe.

Panatsala khoti lachitatu, lalikulu, la oweruza atatu. Kumeneko tinadikira kupitirira chaka. Mudziwe kuti nthawi yonseyi Fatsani akanatha kutuluka tsiku lililonse. Bola kusaina kuti wavomera kubwerera ku Malawi, basi. Anzake ambiri ankasaina. Iye ankati ayi, akufuna oweruza aakuluwo amve nkhani yake. Ine ndinkamulimbikitsa. Ndinkati kuona maso a nkhono n'kudekha, mawu anu omwe aja. Ku mapemphero athu a Lachisanu, kumene timakumana a Malawi ndi a Zambia, dzina lake linkatchulidwa sabata iliyonse, ngakhale mlandu wake weniweni sindinawauze. Ndinkangoti ali ndi vuto la mapepala.

Yankho linabwera mwezi wa Ogasiti, kuno kukutentha koti ngakhale madzi a pampopi amawotcha. Denise anangonditumizira uthenga woti zakanika. Ndinamuimbira loya madzulo nditaweruka, kwawoko kuli m'mawa. Ndikulemberani momwe tinalankhulira, chifukwa ndabwereza m'mutu kambirimbiri.

Ndinati, "Ndiye kuti oweruza atatuwo aona kuti woyamba uja analondola?"

Anati, "Ayi, sananene zimenezo."

"Ndiye aona kuti analakwa?"

"Sananenenso zimenezo. Anena kuti alibe mphamvu yoyang'ana."

Ndinaganiza kuti Chingerezi chandithawa, ndinamupempha abwereze. Anati munthu akakhala ndi mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, komanso chimene wapempha chikakhala chifundo cha woweruza, lamulo limamanga manja khoti lalikulu. Likhoza kuona ngati woweruza woyamba anatsegula buku loyenera la malamulo, koma sikelo yake silingaikhudze.

Ndinati, "Nanga ngati anayeza molakwa?"

Anati, "Ngakhale zitatero."

Anandiuzanso kuti mmodzi mwa atatuwo analemba mawu ake payekha, kuti akanakhala iye pampando woyamba uja mwina akanagamula mosiyana, koma imeneyo si ntchito yake. Apa ndiye mutu unandizungulira. Ndinati, "Nanga tinapitirako chiyani? Munthu wakhala chaka china m'kati kudikira anthu oti amuuze kuti saloledwa kumumva?" Anati iye anayesa kuonetsa kuti panali kulakwitsa lamulo, koma iwo anayankha kuti ndi nkhani ya sikelo yomweyo, angoiveka malaya ena.

Amayi, ine ndine nesi. Kwathu kuchipatala wodwala akakayikira dokotala woyamba, timamutumiza kwa wachiwiri, ndipo wachiwiriyo amamugwira yekha, kumumvetsera pachifuwa, kumuyang'ana m'maso. Sindinaonepo dokotala wonena kuti, ine ndiloledwa kuona ngati mnzanga anawerenga buku loyenera, koma wodwalayo musandionetse. Ndinawafotokozera choncho bambo a Tadala. Iwo anati mwina zili ndi chifukwa chake, mwina makhoti akanadzaza, mwina eni dziko ali ndi ufulu wosankha wokhala naye pakhomo. Ndinati inde, mwina. Anandikumbutsanso kuti ifenso kuno, opanda mlandu uliwonse, kalata imodzi yochokera ku ofesi ikhoza kutilongedzetsa katundu, ndipo kulibe khoti loyamba, lachiwiri kapena lachitatu loti tikalireko. Ndiye sindikudziwa ngati Fatsani anachitiridwa nkhanza kapena anapatsidwa mwayi woposa wanga. Tsiku lina ndimaganiza izi, tsiku lina izo. Ndipo chamba anasutadi, bodza ananenadi. Zimenezo sindingazifufute.

Sabata yomweyo ndinaganiza kuti ndapeza nzeru. Denise ndi mphunzitsi, ndipo kuno aphunzitsi a ku Amereka amawafuna. Fatsani amakonza makina oziziritsa, ndipo mumzinda muno ngakhale pokwerera basi pali makina amenewo. Ndinati Mulungu wayankha: abwere kuno onse anayi, tipanikizane m'nyumba mwathu mpaka apeze yawo. Ndinapita kwa bambo wina wa kukiliniki kwathu amene amatiyendetsera za maviza, a Samir, munthu wachikulire wa ku Igupto, waulemu. Ndinawauza zonse, osabisa. Anadzuka n'kutseka chitseko kaye.

Anati, "Asisi, munthu wa mlandu wa chamba? Kuno? Khalas, iwalani." Khalas ndiye kuti zatha, palibenso chokamba. "Muno kambewu kamodzi kokha kakapezeka m'thumba la malaya, munthu amagona zaka m'ndende, kenako ulendo. Tayang'anani pawindo. Anthu a mapepala oyera akuchoka, inu mukufuna kulowetsa wa mapepala akuda? Ndipo nkhani imeneyi musaitchulenso m'nyumba muno. Masiku ano abwana akufunafuna zifukwa."

Anandipatsa tiyi, ndinamwa. Nditatuluka ndinachita mantha kuti ndayankhula zambiri, kenako ndinachita manyazi kuti ndikuopa chifukwa cha mlongo wanga.

Fatsani ndinalankhula naye patapita masabata awiri. Kumene anali kuja foni imaperekedwa ya mphindi zowerengeka, ndiye ankaimbira Denise, Denise n'kulumikiza ine. Mawu ake anali otsika, osathamanga. Anati loya akuti akhoza kupempha khoti lomwe lija kuti liganizenso, koma iye wakana.

"Ndatopa, achemwali. Yosefe akundidziwa ngati munthu wa m'galasi. Bola akandidziwe ngati munthu wa pafoni, koma ndili panja."

Ndinati, "Fatsani, kalata ija..."

"Ndikuidziwa. Ndili nayo pompano, loya anandipatsa."

"Ndinakupweteka."

"Mwina. Koma m'mulu wonse uja, mapepala ena onse ankanena zomwe ndinachita kapena zomwe ndimagwira. Yanu yokha ndi imene inanena kuti ndine mwana wa munthu."

Ndinalimba mtima n'kufunsa chimene ndinkaopa zaka zonsezi. Ndinati, "Nanga mawu aja ndinakuuza tsiku la maliro?"

Anati, "Amenewo ndiye anandipweteka, sindinama. Miyezi yoyamba ndinkakudani. Mukanangondifunsa kuti chavuta n'chiyani. Komanso ine ndikanangokuuzani. Sindikudziwa, achemwali. Dothi m'manda mwa amayi ndinaponya, chimenecho palibe angandilande." Mawu a makina analowerera, kunena kuti yatsala mphindi imodzi. Anafunsa mofulumira kuti kiyi wa nyumba yanu ali ndi ndani. Ndinati amalume. Foni inaduka.

Denise sanaganize chochita mpaka pano, kaya amutsatira kaya atsala. Musamuweruze, Amayi, wayesetsa. Wayenda msewu uja ndi ana awiri mwezi uliwonse kwa zaka ziwiri. Amandifunsa mafunso ambiri. Maya ali ndi mphumu, ndiye anafunsa kuti chipatala chili patali bwanji kuchokera kumudzi, ndipo ngati mankhwala opopera m'kamwa amapezeka. Ndinamuuza zoona: wapansi ndi maola awiri, ndipo mankhwalawo tsiku lina alipo, tsiku lina palibe. Anati zikomo, n'kusintha nkhani. Nditaika foni pansi ndinadzifunsa ngati ndalakwitsanso. Kwa woweruza ndinakometsa kwathu, ndinamupweteka. Kwa mkazi wake ndanena zovuta za kwathu komweko, mwina ndamupwetekanso. Zonse ziwiri ndi zoona. Akuti lamulo silimulola Fatsani kubwereranso ku Amereka, kapena ngati limalola ndiye ndi patapita zaka zambiri ndiponso movuta. Loya ananena zonse ziwiri m'mpweya umodzi, ine sindinafunsenso.

Tsiku la ulendo womubweza aboma sauza munthu, ngakhale mkazi wake. Tinangokhala tikudikira. Lachinayi lapitali ndili pantchito, amalume anandiflasha katatu. Mukuwadziwa, saflasha kawiri popanda maliro. Ndinathamangira panja n'kuwaimbira, mtima uli m'mwamba. Anati, "Rozina, kuno kwafika mlendo." Anati anatsika minibasi Lachiwiri dzuwa litapendeka, ali ndi jumbo imodzi m'manja, buluku lopanda lamba, nsapato zopanda zingwe. Palibe anakamuchingamira ku Lumbadzi, chifukwa palibe ankadziwa. Anthu a pamsika sanamuzindikire, wawonda ndipo imvi zatuluka. Amene anamudziwa ndi Agnesi, pa kayendedwe.

Anamupatsa foni. Ndinamufunsa za ulendo, anati anayenda ndi amuna awiri omuperekeza, mmodzi mbali iyi wina mbali iyo, anthu osaipa mtima. Kenako anati, "Achemwali, tinaima kwanuko." Ndinati kuti? Anati ku Dubai. Anasintha ndege kuno, Lolemba m'mawa. Anakhala maola asanu m'kachipinda pabwalo la ndege, dzina la mzinda akuliwerenga pakhoma. Anapempha kuti andiimbire, iwo anati saloledwa.

Amayi, kiliniki yathu ili kuseri kwa bwalo limenelo. Pa takisi ndi mphindi khumi. Ndege zikamanyamuka timasiya kulankhula kudikira kuti phokoso lidutse. Lolemba m'mawa ndinali ndikuchotsa ulusi pa bala la mmisiri wina, tikuseka za mpira. Ndakhala ndikuyesa kukumbukira ngati ndinamva kanthu m'thupi, ngati mtima unagunda mwachilendo, monga inu munkanenera kuti mwana wanu akadwala kutali bere limakuyabwani. Sindinamve chilichonse. Linali Lolemba wamba.

Ndiye ali pomwepo, Amayi, pakhomo panu. Inu muli naye pafupi kuposa ine, kuposa ana ake. Akugona m'chipinda chanu. Amalume akuti akudya pang'ono, salankhula kwambiri, koma dzulo anatsikira kudimba yekha. Akuti chimene chikuwadabwitsa n'chakuti m'mawa akadzuka amavala, n'kuima kuseri kwa chitseko, manja ali m'mbali, kudikira kuti wina amutsegulire. Tsiku loyamba anaima choncho mpaka dzuwa kukwera. Amalume anachita kugogoda n'kumuuza kuti mphwanga, chitsekochi chimatsekulidwa m'kati.

Anapempha kuti abwere kumene mwagonako. Amalume anamuuza kuti kumanda salowa ngati kumsika, adikire mlongo wake, tikapemphe njira bwinobwino, tilowe tonse awiri. Ine ndapempha tchuthi cha Disembala. Amene amalemba matchuthi anandiyang'ana n'kunena kuti masiku ano munthu akachoka pampando sadziwa ngati aupeza. Ndinafika kunyumba n'kuwauza bambo a Tadala, poti viza yathu tonse atatu yapachikika pa ntchitoyi. Anati, "Pita. Zikavuta tidzalongedza." Fomu ndasaina lero.

Tikadzabwera, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musadzayambe ndi za chamba. Wazimva kwa oweruza okwanira. Ngati pali wofunika kumukalipira, yambani ndi ine, ndidzaima kutsogolo. Ndipo ngati kumeneko zinthu zimaoneka bwino kuposa kuno, mudzandiuze mwa njira iliyonse ngati ndinalakwa kumuitana, chifukwa ndekha ndalephera kudziwa.

Mupereke moni kwa bambo. Muwauze za Yosefe, koma zinazi muwauze pang'onopang'ono. Ndimakukondani monga kale, ndipo mvula ikamayamba mudzamva mapazi a anthu awiri. Ndidzamugwira dzanja mpaka tifike.

Ndine mwana wanu woyamba,
Rozina